Mwana wa Mbusa Amene Anacedwa Kuŵerenga

Mu mzinda wa Augusta, ku America, munali mbusa wina dzina lace Joseph Wilson. Mbusayu anali ndi mwana wamwamuna wobadwa m'caka ca 1856, amene pakhomo anali kumuchula Tommy. Mwanayo anali wocenjera pakamwa, wofunsafunsa, ndipo nkhani imene waimva kamodzi sanali kuiiŵala. Koma pa mabuku panali bvuto. Anafika zaka 9 asanadziŵe bwino malembo, ndipo kuŵerenga kwenikweni anakuyamba ali ndi zaka ngati 11.

M'zaka zimenezo, kuyambira 1861 mpaka 1865, m'dzikomo munali nkhondo, masukulu ambiri nasokonezeka. Ngakhale chalichi ca atate wace anacisandutsa cipatala ca asilikali olasidwa. Komabe nkhondo siinali cifukwa cokha ai, pakuti anzace a msinkhu wace anali kuŵerenga. Abale ena anayamba kunong'onezana kuti mwana wa mbusa ngwopepera mutu, ndipo mau otere amalasa mtima wa kholo koposa mkondo.

Atate wace sanadikire kuti maso a mwanayo ayambe agwirizana ndi malembo. Anaona kuti makutu ace ngakuthwa, tsono anamphunzitsa kudzera m'makutumo. Madzulo a m'nyumbamo anali kusonkhana, wina naŵerenga mokweza mabuku a Dickens ndi Scott, Tommy ali gone pansi kumvetsera. Masiku ena atate anali kumtenga kukaona kopangira nsaru za thonje ndi kosungunulira zitsulo, namlongosolera m'mene makina ayendera. Pobwera kunyumba mwanayo anayenera kufotokoza zimene waona. Akanena mau osamveka, atate anali kumfunsa cimene afuna kunena, nambwezera kuti anenenso mpaka mau alunjike. Mbusayu sanali munthu wofatsa nthawi zonse. Nthabwala zace zinali zoluma, ndipo kapena zina zinamŵaŵa mwanayo kosayenera. Koma sanamuyese citsiru.

Ali ndi zaka ngati 16, Tommy anadziphunzitsa yekha kalembedwe kacidule ka zizindikiro, kamene alembi agwiritsa nchito polemba msanga mau a munthu wolankhula. Kameneka kanampeputsira nchito ya kulemba. Madokotala ena a pambuyo pace aganiza kuti anali ndi bvuto lochedwa dyslexia, limene licititsa kuti mwana wanzeru zace azibvutika kulumikiza malembo ndi mamvekedwe ace.

Atakula analeka dzina la Tommy, nadziŵika kuti Woodrow Wilson. Mu 1902 anakhala mkuru wa sukulu yaikuru ya Princeton, ndipo kuyambira 1913 mpaka 1921 anali pulezidenti wa United States. Kuŵerenga kwace kunakhalabe kwa pang'onopang'ono mpaka ukalamba. Mau ace okalankhula kwa anthu anali kuyamba wawalemba m'zizindikiro zija anaziphunzira ali mnyamata, pambuyo pace nawataipa yekha pa makina ace.