Kutopa Kumene Sikutha ndi Tulo

M'makomo mwathu kutopa kuli ndi mayina ambiri. Agogo akamaodzera masana timati ndi ukalamba. Mayi akamafuna juzi mu Okutobala, ena tonse tikutuluka thukuta, timakayikira malungo. Mlamu akamanenepa pamene nsima akudya yomwe ija timaseka kuti banja lawayanja. Dzina limene silitchulidwa kawirikawiri ndi chithokomiro.

Ambirife tikamva mawuwa timaganiza za chotupa cha pakhosi. Komatu aliyense ali nacho chithokomiro. Ndi kachiwalo kooneka ngati gulugufe, kutsogolo kwa khosi, kamene kamapanga mahomoni otchedwa T4 ndi T3. Mahomoniwa ndiwo amaika liwiro limene thupi limasandutsira chakudya kukhala mphamvu ndi kutentha. Kachiwalo kena, kamene kali pansi pa ubongo, kamatumiza homoni ya TSH yolamula chithokomiro kugwira ntchito. Chithokomiro chikayamba kufooka TSH imakwera, monga timakwezera mawu poitana mwana amene sakuyankha. Poyamba chimayankhabe, T4 n'kukhala pamlingo wake, TSH yokha itakwera. Kumeneku ndiko kufooka pang'ono kwa chithokomiro.

Vutoli si lachilendo. Kafukufuku wa ku Colorado, m'dziko la America, amene anafalitsidwa mu 2000, anayeza anthu oposa 25,000 ndipo pafupifupi 9 mwa 100 alionse anali nalo. Limapezeka kwambiri mwa amayi ndi mwa anthu opitirira zaka 60.

Chovuta n'chakuti silidzionetsa. Ambiri samva chilichonse. Ena amatopa ngakhale agone bwino, amazizidwa, amadzimbidwa, khungu limauma, tsitsi limathothoka, amaiwalaiwala kapena kukhala okhumudwa, ndipo amayi ena kusamba kumasokonekera. Koma kuchepa magazi, shuga ndi nkhawa nazonso zimabwera ndi zizindikiro zangati zomwezi. Chimene chimasiyanitsa ndi kuyezetsa magazi basi. Dokotala amabwereza kuyezako pakapita miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa kwa ena TSH imatsika yokha. Mankhwala a levothyroxine kawirikawiri amaperekedwa TSH ikapitirira 10. Enawo amangofunika kuyezedwa nthawi ndi nthawi, popeza chaka chilichonse ochepa mwa iwo matendawa amakula. Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna mwana, asadikire, chifukwa ubongo wa khanda umadalira mahomoni a mayi ake m'miyezi yoyambirira.

Nanga kukhitchini tingachitenji? Chithokomiro chimafuna ayodini. Ife amene m'nyumba mwathu nsomba za m'nyanja ya mchere, mkaka ndi mazira siziwonekawoneka, tionetsetse kuti mchere umene tikugula ndi wa ayodini, ndipo tiusunge m'chitini chotseka, pouma. Sikuti tichulutse mchere m'ndiwo ayi. Chinangwa chowawa tichiviike mokwanira tisanasinje ufa wa kondowole, chifukwa poizoni wake amalepheretsa chithokomiro kutenga ayodini. Tidziwenso kuti ena amadwala ngakhale amadya bwino. Kwa ambiri mwa iwo, chitetezo cha m'thupi ndicho chimaukira chithokomiro, matenda otchedwa Hashimoto, ndipo pamenepa palibe wolakwa.

Munthu wotopa amene sakudziwa chomutopetsa amasenza mitolo iwiri: kutopako, ndi manyazi oti ena akumuyesa waulesi. Mtolo woyambawo ndi wa dokotala. Wachiwiriwo tingamutule ndife a m'nyumba, pomufunsa modekha kuti zinayamba liti, ndi kumuperekeza kukayezetsa.