Mbaula za Gasi ku Edmonton: Kale ndi Lero

Edmonton, dera la kumpoto kwa London lomwe lili pansi pa khonsolo ya Enfield kuyambira 1965, kale linkadziwika ndi zipangizo za gasi. Pamsewu wa Angel Road panali fakitale ya Gothic Works, momwe kampani ya Glover and Main inkapanga mamita a gasi ndi zitofu. Fakitaleyo idatsekedwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo chomwe chidatsala ndi dzina la msewu, Glover Drive.

Wobadwira m'derali m'zaka za m'ma 1950 adakula akuona chowotchera nyama chili m'khitchini, pamwamba pa chitofu, molingana ndi maso a wophika. Chitofu chotere chinali cha chitsulo chokhuthala, chomangidwa ndi masikuluwu, choti mmisiri n'kuchimasula, n'kuchimanganso. Umboni wake udaoneka pakati pa 1967 ndi 1977, pamene dziko la Britain lidasiya gasi wopangidwa ndi malasha n'kuyamba kugwiritsa ntchito gasi wochokera pansi pa nyanja ya North Sea. Amisiri adayenda khomo ndi khomo kusintha tizitsulo totulutsa gasi pa zipangizo pafupifupi 40 miliyoni, mwakuti zitofu zambiri zakale zidapitiriza kuphika.

Kenaka kuwotcha nyama kudatulukira panja. M'mabwalo a kuseri kwa nyumba mudadza mbaula za matayala zoyendera gasi wa m'silinda, zambiri zochokera kunja, za malata opyapyala. Mvula ndi chinyontho cha m'nyengo yozizira zimazidyetsa dzimbiri msanga, ndipo mtengo wa mmisiri mu London nthawi zina umaposa wa mbaula yatsopano. Ku Malawi mbaula ikabooka imapita kwa wowotcherera. Ku Edmonton ambiri adazolowera kungotaya. Dera lomwe linkapanga zitofu lero limadziwika ndi ng'anjo ya EcoPark, yomwe yakhala ikutentha zinyalala za kumpoto kwa London kuyambira 1971.

M'zaka zaposachedwa kukonza kwayamba kubwerera, koma m'manja mwa eni ake. Kukwera mtengo kwa zinthu kwathandizira, komanso kupezeka kwa masipeya pa intaneti. Malo okonzerana zinthu mwaulere a Repair Café, omwe adayambira ku Amsterdam mu 2009, adafalikira mpaka ku Britain ndipo adadzutsanso mtima woti chinthu chikafa chiyambe chayesedwa.

Ntchito yotsitsimutsa mbaula yakale ili ndi ndondomeko yake. Wokonza amayamba wachotsa silinda, n'kuyang'ana thupi la mbaulayo. Ngati dzimbiri laboola pansi kapena ladya miyendo, palibenso chopulumutsa. Thupi likakhala lolimba, mawaya owotcherapo amakwechedwa ndi bulashi yachitsulo, ndipo mafuta owundana amapalidwa chifukwa ndiwo amabutsa moto wosayembekezeka. Timabowo ta pomwe lawi limatulukira timatsegulidwa ndi kawaya. M'timapaipi tosakanizira gasi ndi mpweya akangaude amakonda kumangamo, ndipo tikatsekeka lawi limasanduka lachikasu ndi lamwaye m'malo mwa labuluu. Choyatsira chikakana, vuto kawirikawiri limakhala batire kapena waya wothothoka. Utoto wopirira moto umapakidwa kunja kokha.

Mbali yosafuna chibwana ndi paipi ya labala ndi regyuleta, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi wochokera m'silinda. Paipi imakhala ndi chaka chomwe idapangidwa, ndipo ambiri amalangiza kuisintha pakatha zaka 5, kapena ikangoonetsa ming'alu. Regyuleta iyenera kugwirizana ndi mtundu wa gasi: ku Britain ya propane imakhala ya 37 mbar, ya butane 28 mbar. Zonse zikamangidwa, molumikizira monse mumapakidwa madzi a sopo. Thovu likafufuma ndiye kuti gasi akutuluka. Machesi sayesera gasi. Mbaula yotere siyatsidwa m'nyumba kapena m'galaja, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha koma umapha.

Malire a mwini mbaula amathera pamenepo. Chipangizo cholumikizidwa ku mapaipi a gasi a m'nyumba ndi ntchito ya mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula yemwe adalowa m'malo mwa kaundula wakale wa CORGI mu 2009.