Mnzanga Amene Analeka Kuseka

Pamene akonzi a magazini ino anapempha kuti aliyense alembeko kanthu, ine ndinayamba ndaganiza zolemba za mpira. Koma pali nkhani ina imene yakhala ikundilasa mumtima kwa chaka chathunthu, ndipo ndaona kuti nkwabwino ndiinene. Mwini nkhaniyi wandilola kuilemba, malinga ndisatchule dzina lake. Ambiri a inu mumdziwa kale, koma pano ndizingomutcha Mnzanga.

Ine ndi Mnzanga tinakulira mudzi umodzi m'mbali mwa nyanja kuno ku Chintheche. Tinaphunzira kusambira pa gombe limodzi, tinkayanika usipa pa thandala limodzi, ndipo titasankhidwa kubwera ku sekondale, mabedi athu anayandikananso. Anali mnyamata wanthabwala, wodziwa masamu, ndipo pa malipenga panalibe womposa kuponya mwendo.

Tili Fomu 2, m'mwezi wa June pamene mwera umaomba mwaukali, bambo ake anapita usiku kukapha usipa, ndipo bwato lawo linatembenuzika. Anzawo awiri anapulumuka, koma iwo anapezeka patapita masiku atatu. Mnzanga anabwerera ku sukulu maliro atatha, ali duu. Tonse tinati ndi chisoni cha maliro, chidzatha chokha. Koma teremu inatha, ina inayamba, chisonicho osatha. Nsima ankangoigwiragwira nkuisiya. Pakati pa usiku ndikadzidzimuka ndinkampeza atakhala pa bedi, maso ali kukhoma. Pa pulepu ankayang'ana tsamba limodzi mpaka belu kulira. Masamu aja analephera. Ankadandaula mutu ndi kulemera kwa pamtima, ndipo kawiri konse anamuyeza malungo, osawapeza.

Tsono aliyense anakhala sing'anga. Ena anati wayamba chamba. Ena anati amlodza chifukwa cha nzeru zake. Ena anati ndi vimbuza, enanso anati ndi ulesi chabe. Tsiku lina m'holo yodyera mnyamata wina anafuula nati, "Uyu ngwa ku Zomba uyu, galimoto yangochedwa!" Holo yonse inaseka. Apa ndiyenera kuulula chimene chimandichititsa manyazi kufikira lero: inenso ndinaseka nawo. Mnzanga sanasamale kuseka kwa enawo, koma anatembenuka nayang'ana ine.

Usiku umenewo, magetsi atazimitsidwa, anandinong'oneza nati, "Iwe, kodi ukudziwa chimene ada anapitira pa nyanja mwera ukuomba? Ankafuna fizi yanga. Wofunika kumira ndinali ine, ndipo masiku ena ndimaganiza zowatsatira." Sindinayankhe kanthu, pakuti lilime linauma, koma tulo sindinaone. Kutacha ndinapita kwa aphunzitsi athu oyang'anira ogonera pa sukulu, ndipo ndinati, "Aphunzitsi, ndili ndi mawu, koma ndikuopa kukhala ngati ndikumneneza mnzanga." Iwo anandikhazika pansi, namvetsera zonse, nati, "Mwana wanga, wachita bwino. Chinsinsi chotere sichisungidwa. Mutu umodzi susenza denga."

Tsiku lomwelo anamperekeza ku chipatala. Mnzanga anandiuza pambuyo pake kuti adokotala sanamtenge magazi, koma anamfunsa mafunso ambiri mofatsa: pa masabata awiri apitawo wagona bwanji, wadya bwanji, kodi zimene kale zinkamsangalatsa zikumsangalatsabe, kodi amadziona ngati wolakwa, kodi anaganizapo zodzipweteka. Atatha anamuuza kuti akudwala matenda okhumudwa, amene pa Chingerezi amati depression, ndipo kuti matendawa amachizika. Anaitanitsa amayi ake, namtumiza ku Mzuzu kwa a St John of God, amene akhala akuthandiza odwala maganizo kuyambira m'zaka za m'ma 1990.

Ine zinandizunguza. Malungo amawapeza m'magazi, chifuwa chachikulu m'makhololo. Nanga matenda angapezeke bwanji ndi mafunso okha? Ndinakafunsa aphunzitsi aja, ndipo zimene anandifotokozera ndi kundipatsa kuti ndiwerenge ndizo ndifuna kugawana nanu.

Choyamba, mafunso aja sangopekedwa. Akatswiri amayamba awayesa pa anthu ambiri, kuti aone ngati akulozadi odwala ndi kusiya amene ali bwino. Ndipo mafunso olembedwa ku America sangangotengedwa momwemo, pakuti ife tikavutika sitinena monga anenera iwo; timati "ndikuganiza kwambiri" kapena "mtima ukundiwawa." Chotero m'chaka cha 2014 Dr Maria Kim ndi anzake a ku Baylor anasindikiza kafukufuku amene anachita ku Lilongwe ndi ku Zomba. Anamasulira mafunso otere m'Chichewa, nafunsa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 amene anali ndi kachilombo ka HIV, kenaka nayerekeza mayankho awo ndi zimene achipatala anapeza atacheza ndi mwana aliyense payekha. Anapeza kuti pafupifupi 19 mwa 100 alionse anali ndi matenda okhumudwa. Anapezanso kuti matendawa ankapezeka kwambiri mwa amene anaferedwa pa banja, ndi mwa amene anzawo ankawanyoza chifukwa chomwa mankhwala. Nditawerenga mawu amenewo ndinakumbukira holo yodyera ija, ndipo ndinadziwa kuti kuseka kwanga kunali kuthira mchere pa bala.

Chachiwiri, matendawa si achilendo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto lina la maganizo. M'chipinda chathu timagona anyamata 28. Amene mumakonda masamu werengani nokha.

Chachitatu, pali chifukwa chimene dzina la Zomba limatiopsera. Malo oyamba osungirako odwala misala m'dziko muno anatsegulidwa m'chaka cha 1910 ngati mbali ya ndende ya ku Zomba, ndipo chipatala chenicheni chinatsegulidwa m'chaka cha 1953. Makolo athu anazolowera kuona wodwala maganizo akutengedwa ngati wamndende, ndipo mantha amenewo anatisiyira. Koma odwala ambiri safunika kugonekedwa konse. Kwa ana ndi achinyamata, achipatala amayamba ndi uphungu, ndiko kucheza kolongosoka ndi munthu wophunzitsidwa; mankhwala amabwera pokhapokha adokotala ataona kuti ngofunika.

Kucheza kumeneku nakonso kunayesedwa. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kuthandiza anthu kutchula mavuto awo, kusankhapo limodzi, ndi kulipezera njira. Ashona matendawa amawatcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri, monga tinenera ife. Zotsatira zimene zinasindikizidwa m'chaka cha 2016 zinaonetsa kuti amene anakhala pa benchi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse, ndipo njirayi inayesedwanso ku Lilongwe. Kuno kwathu, cha m'ma 2014, a Farm Radio International ndi Dr Stan Kutcher wa ku Canada anayambitsa pulogalamu ya achinyamata pa wailesi yotchedwa Nkhawa Njee, naphunzitsanso aphunzitsi za matendawa. Atawayesa, anapeza kuti aphunzitsiwo anadziwa zambiri kuposa kale ndipo maganizo onyoza odwala anachepa.

Mnzanga anapita ku uphungu kangapo, amayi ake akugulitsa chinangwa kuti apeze ndalama ya ulendo. Sanachire tsiku limodzi ayi. Kunayamba kubwerera ndi kudya, kenaka tulo, masamu pambuyo. Chimene chinamtengera nthawi yaitali ndicho kuvomereza kuti amene anapha bambo ake ndi mwera, osati fizi. Lero mwera ukayamba kuomba amakhalabe chete madzulo ena, ndipo ine ndaphunzira kukhala naye pafupi popanda kumkakamiza kulankhula. Ndinampepesa za kuseka kuja. Anandiyankha nati, "Unaseka masana, koma m'mawa unapita kwa aphunzitsi. Ine ndimakumbukira za m'mawazo." Pa tchuthi chapitachi ndinamuona akuvinanso malipenga, ndipo amayi ake anagwetsa misozi.

Tsono anzanga, pempho langa ndi ili. Mukaona mnzanu wasintha kwa masabata angapo, sakudya, sakugona, akudzipatula, musathamangire kunena za chamba kapena za ufiti. Mfunseni muli awiri, ndipo mumvetsere. Akanena zodzipweteka, kauzeni aphunzitsi kapena anamwino tsiku lomwelo, ngakhale atakulumbiritsani kuti musaulule. Palinso nambala ya 116 imene ana amaimba kwaulere pofuna thandizo. Kwa aphunzitsi athu ndipempha mwaulemu kuti mwana amene anali wakhama akayamba kulephera, mumfunse kaye za kumudzi musanampatse chibalo. Ndipo iwe mnzanga amene ukuwerenga izi mtima uli wolemera, usachite manyazi kunena. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe; tiyeni tisungane.

Wophunzira wa Fomu 4