Ankagona ndi njala chimanga chili m'nyumba

Lidali Lolemba kumayambiriro kwa mwezi wa March, tili pa asembule, pomwe mtsikana wina wa Fomu 3 adagwa pansi nyimbo ya fuko isanathe. Anzake adamunyamulira pamthunzi, wina akumukupiza ndi kope, wina akuthamangira madzi kumjigo.

Ife aphunzitsi tidangoyang'anana. Kuno kwa Mpama mtsikana akakomoka pasukulu nyengo ngati imeneyi, chimanga chisanache, timaganizira zinthu zitatu: malungo, njala kapena mimba. Ndisaname, ine maganizo anga adathamangira pa chachitatucho. Koma sadali malungo, sidalinso mimba. Idalidi njala, koma ya mtundu womwe ndidali ndisanauonepo chiyambireni kugwira choko.

Ndimaphunzitsa Biology pasukulu ina ya sekondale yoyendera. Sabata yomweyo ndidatolera makope kuti ndichonge, ndipo kumapeto kwa kope la mtsikanayu ndidapeza masamba odzaza manambala. Tsiku lililonse lidali ndi mzere wake: phala 150, mbatata theka 90, nsima mtanda umodzi 250. Pamwamba pa tsamba adalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti "800 BASI". Tsiku lomwe manambala adutsa 800 adalithetha ndi cholembera chofiira, ndipo tsiku lotsatira mzere wake umakhala waufupi kwambiri. Masamba amenewa adayambira sabata yoyamba ya January.

Nditamuitana mwamseri, adakhala chete kwa nthawi, maso ali pansi.

"Madamu, ndi makalori. Ndikufuna ndichepe thupi," adatero.

Kwawo sikosowa. Bambo ake amalima tomato ndi kabichi kudimba n'kumakagulitsa ku Mbulumbuzi, ndipo matumba a chimanga adali m'nyumba pomwe mabanja ena oyandikana nawo adali akudya kamodzi patsiku. Mwanayu ankakankhira nsima yake kwa mlongo wake wamng'ono, mayi akafunsa n'kunena kuti wadya kwa mnzake. M'mawa ankamwa madzi otentha ofinyira ndimu, n'kuyenda ola lathunthu kubwera kusukulu.

Chidayambitsa ndi mawu. Pa Khirisimasi azakhali ake adabwera kuchokera ku Joni, ndipo atamuona adaseka pagulu: "Iii, koma ndiye wanenepatu! Uchepetse nsima, mwana iwe." Anyamata ena m'kalasi adali atamupatsa kale dzina lonyoza thupi lake. Msuweni wake wa ku Limbe adamuonetsa pafoni mavidiyo a pa TikTok a atsikana owonda akuonetsa zomwe amadya patsiku, komanso pulogalamu yowerengera makalori. Pulogalamuyo sidziwa mtanda wa nsima kapena nkhwani wotendera, ndiye manambala ena ankangopeka yekha.

Kenaka adanena mawu omwe sandichoka m'mutu mpaka lero.

"Inunso Madamu mudandiuza kuti ndikuoneka bwino."

Zoona. Kumapeto kwa January ndidakumana naye pakhomo la kalasi n'kumuuza kuti masiku ano yunifolomu ikumukhala. Ndidanena mongocheza, ndipo ndidaiwala ola lomwelo. Iye adakalemba m'kope. Ndine ndemwenso ndidawaphunzitsa kuti galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pomwe ya sitalichi kapena ya mapuloteni imapereka 4. Iye adamva bwino phunzirolo, n'chifukwa chake adasiya nsinjiro, mtedza ndi mapeyala. Ndidamuphunzitsa kuwerenga, koma sindidamuuze mokwanira kuti thupi lomwe likukula limafuna chiyani.

Ndalemba nkhaniyi kuti ndinene zomwe ndikadanena tsiku lija.

Kalori ndi muyezo chabe wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka, monga momwe lita ilili muyezo wa petulo. Mtsikana wa zaka 14 mpaka 18 amafunika makalori pafupifupi 2,000 patsiku, ndipo yemwe amayenda mtunda wautali, kutunga madzi ndi kuthirira kudimba amafunika cha m'ma 2,400. Mwana wathuyu ankadzipatsa 800, gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe thupi lake linkafuna. Ubongo wokha umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zomwe thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala. N'zosadabwitsa kuti mtsikana yemwe ankakhala m'gulu la asanu oyambirira adayamba kusinza pa phunziro lachiwiri ndipo malikisi ake adatsika.

Koma vuto lalikulu la kuwerenga makalori ndi loti nambala siikuuza zomwe zili m'chakudyacho. Botolo laling'ono la chakumwa chozizira cha shuga lili ndi makalori pafupifupi 130. Kadzanja kamodzi ka mtedza kali ndi makalori ofanana nawo, mwina kuposerapo pang'ono. M'kope la manambala ziwirizi n'zofanana. M'thupi sizifanana. M'botolomo muli shuga ndi madzi basi, pomwe mtedza uli ndi mapuloteni omanga thupi, mafuta abwino ndi michere ina. Wowerenga manambala amathawa mtedza chifukwa magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550, n'kumaona ngati wachenjera.

Mmera mpoyamba. Zaka za kusekondale ndi zomwe mafupa amalimba kwambiri, ndipo zomwe munthu wamanga pa msinkhu umenewu ndi zomwe adzakalambe nazo. Mafupa amafuna kashiamu, yemwe kwathu kuno timamupeza mu usipa, bonya ndi matemba, popeza timadya ndi minga yomwe, komanso mu mkaka ndi masamba obiriwira. Mtsikana yemwe wayamba kupita kumwezi amatayanso ayironi mwezi ndi mwezi, ndipo akapanda kumubwezeretsa kudzera mu nyemba, nandolo, bonongwe, nsomba, chiwindi kapena nyama, magazi amachepa. Kafukufuku wa za umoyo wa 2015-16, yemwe adachita a National Statistical Office, adapeza kuti amayi ndi atsikana 33 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno adali ndi magazi ochepa. Ndiye kuti ambiri mwa atsikana athu ali kale m'mphepete mwa dzenje asanayambe n'komwe kudzimana chakudya.

Titapita naye kuchipatala chaching'ono pamodzi ndi mayi ake, zidapezeka zomwezo: magazi ochepa. Kumenekonso mayiwo adaulula zomwe zinkawasowetsa tulo. Mwana adali asanapite kumwezi kwa miyezi iwiri, ndipo iwo ankaopa kufunsa. Adokotala adawafotokozera kuti thupi likamanidwa chakudya kwa nthawi limayamba kutseka ntchito zina kuti lisunge mphamvu, ndipo msambo ndi imodzi mwa ntchitozo.

Pobwerera, mayiwo adayenda chete mtunda wautali. Kenaka adati:

"Aphunzitsi, ife tidakula tikuopa kuwonda. Lero mwana wanga akukufuna dala?"

Aliyense wa m'boma lino la Chiradzulu wa msinkhu wawo akudziwa zomwe ankatanthauza. Kudali nthawi yomwe munthu akayamba kuwonda mudzi wonse unkanong'ona za kaliwondewonde, ndipo maliro sankatha. Madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières adayamba kupereka ma ARV m'boma lino mu 2001, ndipo omwe adaona abale awo akudzuka pamphasa n'kuyambanso kunenepa sangaiwale. Kwa iwo thupi ndi moyo. Mawu oti "wanenepatu" pakamwa pa agogo ndi chiyamiko. Koma ana athu akukulira pafoni, komwe mawu omwewo ndi chitonzo. M'nyumba imodzi muli mibadwo iwiri yomwe ikumva mawu amodzi mosiyana, ndipo palibe akufunsa mnzake.

Sindikunena kuti kunenepa kwambiri si vuto. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse adali onenepa kupyola muyezo, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi afika kale m'midzi mwathu. Pa nthawi ya buleki ndimaona ana akugula zigumu, mandasi, tchipisi ndi mafilizesi, ndipo ena amenewo ndiye nkhomaliro yawo tsiku ndi tsiku. Mwana yemwe wanenepadi kupyola muyezo akufunika thandizo. Koma woyenera kunena zimenezo ndi wachipatala yemwe wamuyeza msinkhu ndi kulemera n'kuyerekeza ndi zaka zake, osati azakhali pa Khirisimasi, osatinso foni. Ndipo mankhwala ake si njala. Ndi kuchepetsa zakumwa za shuga ndi zokazinga, kuchulukitsa ndiwo zamasamba ndi zipatso, ndi kusewera mpira. Mtsikana wathuyu atayezedwa zidaoneka kuti ngakhale mu December, pomwe ankasekedwa, thupi lake liyenera kuti lidali la muyezo woyenera. Adali akungokula, monga amakulira mtsikana aliyense: chiuno, mabere ndi mafuta pang'ono omwe thupi la mkazi limafunika.

Chomwe chidatithandiza sichidali chachilendo. Ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo ya ana: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndidamuuza kuti, "Ngati umakonda kuwerenga, werenga izi. Usiku uliwonse udzifunse kuti lero ndadya magulu angati." Kusiyana kwake n'koti wowerenga makalori amasangalala nambala ikachepa, pomwe wowerenga magulu amasangalala ikakwera.

Tidakhala pansi ndi mayi ake n'kuona zomwe zili kale pakhomo. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, magulu awiri kapena atatu apezeka kale. Gwafa kapena nthochi m'chikwama. Masana nsima ya mgaiwa, nandolo ndi nkhwani wotendera. Madzulo usipa wothira tomato ndi timafuta pang'ono. Peyala likakhalapo. Palibe chomwe chidafuna ulendo wa ku Limbe. Ndidawauzanso kuti tiyi asamamwere pamodzi ndi chakudya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi bwino, pomwe zipatso monga magwafa, malalanje ndi mango zimathandiza thupi kumutenga. Ndimu yemwe ankamufinyira m'madzi otentha uja akadathandiza kwambiri akadamufinyira pa masamba.

Ndisakunamizeni kuti zidatha tsiku limodzi. Sabata zoyambirira ankalira akaona mitanda iwiri m'mbale. Mayi ake adayamba kudya naye mbale imodzi, osamukalipira, osamukakamiza ndi ndodo, koma osachokapo mpaka atadya. Mapiritsi a magazi adamwa, ndipo kuchipatala adabwererako kangapo. Pali ana ena omwe vutoli limawagwira kwambiri mpaka kukhala nthenda yeniyeni ya m'maganizo, yomwe madokotala amaitcha anorexia nervosa, ndipo imatha kupha. Imeneyo siitha ndi malangizo a mphunzitsi. Mukaona mwana akuwonda msanga, akuthawa nthawi ya chakudya, akusanza dala akadya, akumva chizungulire kapena wasiya kupita kumwezi, pitani naye kuchipatala. Musadikire kuti akomoke, ndipo musathamangire kumuweruza monga ndidachitira ine.

Kwa makolo anzanga, ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, muziona mbale ya mwana wanu wamkulu monga mumaonera ya wamng'ono. Timasamala kwambiri ana a kusikelo, ndipo n'koyenera, popeza ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adapezeka opinimbira pa kafukufuku uja. Kusukulu zambiri za pulayimale kuli phala. Koma mwana akafika ku sekondale yoyendera timamuona ngati wamkulu, ndipo ambiri amakhala kuyambira m'mawa mpaka masana opanda kanthu m'mimba. Wina chifukwa kwawo kulibe, wina chifukwa akudzimana. Onse awiri amasinza mofanana m'kalasi mwanga.

Chachiwiri, tisamale pakamwa. Thupi la mwana wa mnzako si nkhani yotsegulira moni. Mnyamata naye zimamukhudza, kungoti sanena. Ngati mukufuna kuyamikira mtsikana, muyamikireni kuti wakhoza masamu, kuti amathamanga, kuti ali ndi ulemu.

Kwa aphunzitsi anzanga a Biology ndi Home Economics, tisamasiyire phunziro la zakudya pa manambala oti ana akalembe pa mayeso a Maneb. Chaka chino nditafika pa mutu umenewu ndidauza kalasi kuti aliyense abweretse chakudya chimodzi cha pakhomo pawo. Padesiki padadzaza mbatata, chinangwa, khobwe, chisoso, mazira awiri, mapapaya, kambale ka bonya ndi zina. Tidazigawa m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo ana adadabwa kuona kuti palibe gulu lidasowa.

Mtsikana uja ali Fomu 4 tsopano, akukonzekera mayeso a MSCE. Adabwerera kutimu ya mpira wamanja, komwe adali atasiya chifukwa cha chizungulire. Sindinganene kuti galasi sakuliopanso, pakuti za mumtima mwa mwana sitizidziwa zonse. Koma tsiku lina ndikuchonga makope ndidatsegula kumapeto kwa lake, mtima uli m'mwamba. Manambala adalimo ndithu: 5, 4, 6, 5. Pansi pa 4 adalemba kuti, "Zipatso zidasowa, nyama idasowa. Mawa ndikathyola magwafa."

Nthawi ino sindidanene kanthu za yunifolomu yake. Ndidangochonga.

Mphunzitsi wa sekondale,
kwa Mpama, Chiradzulu