Makina Opukusa ndi Dzanja

Poliyo inandigwira ndisanayambe sukulu, ndipo chiyambire ndimayenda ndi ndodo ziwiri. Koma manja anga sanadwalepo. Ndi manja amenewa ndinaphunzira kudula nsalu ndi kusoka kolala ya mkanjo mosapotoka.

Chaka china, Ramadhani itayandikira, ndinamva kuti telala wina ku Mangochi akufuna womuthandiza, pakuti nyengo imeneyo nsalu za Idi zimaunjikana mpaka kusokera usiku. Ndinatenga malaya awiri amene ndinasoka ndekha. Mkuluyo sanawatambasule n'komwe. Anayang'ana ndodo zanga, nayang'ananso chopondera cha makina ake, nati: "Achimwene, makina athu ndi opalasa ndi mapazi. Pepani." Kenaka anandipatsa ndalama ya kabaza. Ndalama ija inandilasa mtima kuposa mawu aja. Ine ndinapita kukafuna ntchito, iye anaona wopemphetsa.

Patapita milungu iwiri, mayi wina wosoka pafupi ndi msika anatembenuza malaya omwewo, nayang'ana msoko wake kunsi, nandifunsa funso limene mkulu uja sanafunse: "Kodi inuyo mumasoka bwanji, bambo?"

Ndinawafotokozera. Makina a Singer akhoza kuchotsedwa lamba, n'kumangirira chopukusira pa gudumu lake kuti aziyenda ndi dzanja. Anaitana wokonza makina, ndipo ntchitoyo sinathe ndi tsiku lomwe. Anasunthira tebulo langa pafupi ndi khomo, naika benchi lalifupi potengera udhu, kuti ndisamavutike nthawi ya swala ikakwana. Zonse zimene ndinkafuna zinali zomwezo.

Sindibisa: wopukusa ndi dzanja amawongolera nsalu ndi dzanja limodzi, choncho pa misoko yaitali anzanga amandisiya m'mbuyo. Mayiwo anaona zimenezi, nandipatsa kudula, makolala ndi matumba, ntchito yofuna diso osati liwiro.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndi kuti mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera la anthu aulumali. Ndikukayika ngati mayi aja anawerengapo zimenezi. Iwo ankangotchula Ibn Umm Maktum, wosaona uja amene ankaitanira swala ku Madina m'nthawi ya Mtumiki (SAW).

Mkulu uja ndimakumana naye pa Jumu'a. Timapatsana salamu. Mkanjo umene mwana wake anavala pa Idi yapitayi, kolala yake ndinasoka ndine.