Gwafa wa kuseri kwa nyumba

Kuseri kwa nyumba imene ndimachita lendi kuno ku Area 25 kuli mtengo wa gwafa womwe palibe anaubzala. Unangomera m'mbali mwa ngalande. Tsopano eni nyumba akuti audula kuti amange mpanda wa njerwa. Ndawapempha kawiri konse, iwo amangoseka: "Aphunzitsi, mukulirira mtengo wobwera ndi pumbwa?"

Sakunama ayi. Njere ya gwafa ndi yolimba, imadutsa m'mimba mwa mbalame kapena mwa mwana osaphwanyika, n'kukagwa patali itakutidwa kale ndi manyowa ake. Mtengo wamaluwa umalipira mtengatenga wake ndi chipatso chotsekemera. Chisoso chokha ndiye chimakwera ulele, chimangomata pa sokosi.

Sabata yatha ndinali pa mutu womwewu ndi ana anga a Fomu 2. Ndinawatengera koni ya paini yomwe ndinatola ku Dedza, poti ambiri obadwira mu tauni muno paini amangomudziwa ngati thabwa la pa msika. Wina anati ndi chinanazi chouma! Ndinawauza kuti paini alibe duwa, alibe chipatso, njere zake zimangokhala pamtunda pakati pa mamba a koniyo. Tinaiika pawindo. Patatha masiku atatu dzuwa la Okutobala linali litaitsegula, ndipo titaigwedeza njere zinatsika zikuzungulira, iliyonse ndi kaphiko kake kamodzi. Kalasi yonse inati zii, chinthu chosachitika kawirikawiri.

Kaphiko kameneka si kamasewera. Paini wochokera ku Mexico atabzalidwa pa phiri la Mulanje kuti azipereka matabwa, mphepo inamwaza njere zake mpaka anayamba kulanda malo a mkungudza, mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984. Mkungudza nawo ndi wa makoni, koma umakula pang'onopang'ono, mbande zake zimapsa ndi moto wolusa, ndipo ocheka matabwa anaumaliza. Mu 2017 ofufuza anapeza ikuluikulu 7 yokha paphiri lonselo.

Mtsikana wina wa ku Mgona anafunsa, "Sala, nanga kwathu poti amasesa ndi kupalira bwalo tsiku lililonse, njere ikagwa imera pati?" Ndinasowa choyankha, belu linandipulumutsa.

Dzulo madzulo ndazula timbande tinayi ta gwafa pansi pa mtengo uja n'kutiika m'mapepala a shuga. Njerwa zafika kale, aziunjika pafupi ndi ngalande.