Mthuthu wachoka kumtsinje, wafika kumunda

Amene tinakulira m'mbali mwa mitsinje timaudziwa bwino mthuthu, womwe kwina amautcha ombwe ndipo kumpoto amati mtetezga. Ndi chitsamba chotalika kuposa munthu wamkulu, cha makoko aubweya, cha m'banja limodzi ndi nandolo ndi nyemba. Ndili mwana, kwathu tinkaudziwira ntchito imodzi yokha: kuphera nsomba.

Chilimwe chikafika, mtsinje ukaduka n'kutsala maiwe okhaokha, amalume ndi anzawo ankasinja masamba ake n'kukathira m'dziwe. Posakhalitsa nsomba zinkayandama chagada, ife ana n'kumangotolera m'malichero. Tsiku limenelo mudzi wonse unkanunkhira matemba ndi milamba. Koma mankhwalawo sankasankha, tiana ta nsomba nato tinkafera pomwepo, ndipo chaka ndi chaka malichero ankabwerako opepuka. Masambawa ali ndi poizoni wa rotenone ndi deguelin, amene amalowa m'thupi la nsomba ikamapuma m'madzi n'kuilepheretsa kugwiritsa ntchito mpweya. N'chifukwa chake lamulo la usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala akupha, ndipo ine ndikuti linachita bwino.

Nsomba zikuchepa choncho, nayo nthaka inali itaguga. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a bungwe la ICRAF anali kuyesa mitengo yobwezeretsa chonde ku Makoka, ku Zomba, ndipo mthuthu unali m'gulu limodzi ndi jelejele ndi gliricidia. Alangizi atabwera ndi uthengawu kwathu, akuluakulu anapukusa mitu: mtengo wophera nsomba udyetse bwanji chimanga? Komatu mizu yake ili ndi timaphundu tosunga tizilombo timene timakoka nayitirojeni mumpweya, ndipo masamba ake akakwiriridwa amawola msanga. Amene anaubzala pakati pa mizere, kapena kugoneka nawo munda chaka chimodzi kapena ziwiri, anaona chimanga chawo chikubiriwira kuposa cha oyandikana nawo.

Amayi anga ndiwo anaugwiritsa ntchito kwambiri pakhomo. Ankayanika masamba pamthunzi, kuwasinja, n'kusakaniza ufa wake ndi nyemba za m'matumba kuti anankafumbwe asaziwononge. Ena ankawanyika m'madzi usiku wonse, kuthiramo sopo pang'ono, n'kuwaza pa mpiru wogwidwa nsabwe kapena kusambitsa mbuzi za nkhupakupa. Ankawaza madzulo, poti dzuwa limatha mphamvu ya mankhwalawa m'masiku owerengeka, ndipo ndiwozo ankazitsuka mokwanira asanaphike.

Alipo amene anayesa koma osaona kanthu, n'kumati zonsezi ndi nkhambakamwa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2012 anafotokoza chifukwa chake: m'Malawi muno muli mitundu iwiri ya mthuthu yofanana m'maonekedwe, koma umodzi ulibe poizoni uja. Umenewo umakonza nthaka bwinobwino koma supha tizilombo. Choncho wofuna mankhwala atenge mbewu kwa mlimi amene mthuthu wake wagwirapo kale ntchito.

Lero thumba limodzi la feteleza lapitirira K100,000, ndalama imene mabanja ambiri akumudzi sangaipeze. Mthuthu pawokha sungalowe m'malo mwa feteleza yense, koma umachepetsa matumba ofunika kugula, umapereka nkhuni ndipo mbewu yake timangogawana. Alimi anzanga, mvula yoyamba ikagwa tiubzale m'minda mwathu, koma kumtsinje tisaupititsenso.